Nkhandwe Ikatulukira Pafupi: Malangizo kwa Oitana Zilombo ku Karoo

Alimi a nkhosa ku Karoo, m'dziko la South Africa, amateteza ana a nkhosa poitana nkhandwe usiku ndi kachitoliro kolira ngati kalulu wogwidwa. Chodandaulitsa n'chakuti nkhandwe zambiri zimaphonyedwa zili pamphuno, pa mamita 10 kapena 15, ndipo yophonyedwayo siidzabweranso ku kulira komweko.

Vuto limayambira pa galasi loyang'anira la mfuti. Mukalisiya likukulitsa zinthu ka 12, nkhandwe yothamanga imadzaza galasi lonse, mumangoona ubweya kapena udzu. Musanayambe kuitana, libwezeni pa 3 kapena 4. Kukweza mudzakweza ngati yaima patali. Ikafika pafupi mulibe nthawi yotembenuza kanthu.

Kumbukiraninso kuti galasilo lili pamwamba pa mpope wa mfuti ndi masentimita pafupifupi 4. Mfuti ya .223 imene munaiyesa pa mamita 100 imagunda m'munsi ndi masentimita ngati atatu pa mamita 10. Nkhandwe ikabwera chokuyang'anani, chifuwa chake n'chopapatiza, choncho lozani pamene khosi lakumana ndi chifuwa. Mukatsitsa pang'ono mungoithyola mwendo, ikafere kutchire ndi ululu, chinthu chomwe mlenje wabwino sachifuna.

Musawombere ikuthamanga. Psopsonani milomo kamodzi mwamphamvu. Kawirikawiri imaima n'kutukula mutu kwa kamphindi. Mfuti ikhale kale paphewa, itatsamira pa timitengo, chifukwa kuinyamula nkhandwe ili pafupi n'kuiuza kuti ithawe. Pamalo a zitsamba zowirira, shotgun (mfuti yomwaza timachaka) ya saizi 12 yokhala ndi timachaka ta saizi ya BB imagwira bwino, koma musapitirire mamita 30.

Nkhandwe imazungulira kumene mphepo ikupita kuti imve fungo, ndiye mbali imeneyo ikhale yoonekera bwino kwa inu. Ngati muli ndi choitanira cha batire, chiikeni mamita 30 kumene mphepo ikuchokera.

Maso owala pa tochi asakufulumizitseni. Ku Karoo kulinso kankhandwe ka makutu aakulu ngati a mleme komanso aardwolf, kanyama kooneka ngati fisi wamng'ono, zonse zodya chiswe, zosagwira nkhosa. Onani thupi lonse, muonenso kuti kuseri kwake kuli mtunda woimitsa chipolopolo, osati khola kapena nyumba za antchito. M'chigawo cha Western Cape, yambani mwatenga chilolezo cha CapeNature, bungwe la boma loona zachilengedwe kumeneko, musanasake usiku.