Momwe Mwamuna Angatetezere Mapuloteni Omata Maselo a M'machende

Mkati mwa machende, maselo a Sertoli, omwe amalera mbewu ya abambo ikamakula, amamatirirana pogwiritsa ntchito mapuloteni monga claudin-11, occludin ndi N-cadherin, n'kupanga mpanda wotchinga mbewu yanthete kuti chitetezo cha m'thupi chisaiukire. Mpandawu ukagumuka, mbewu imathothoka isanakhwime.

Choyamba pewani kutentha, chifukwa machende amafunika kukhala ozizirirako ndi madigiri 2 kapena 3 poyerekeza ndi thupi lonse: musakhalitse m'bafa la madzi otentha, ndipo laputopu muziiika patebulo, osati pantchafu. Fodya musiyiretu, popeza utsi wake uli ndi cadmium, chitsulo chapoizoni chimene chimamasula zomatirazi, ndipo popopera mankhwala m'munda muzivala magolovesi. Mukasintha zimenezi musathamangire kukayezetsa umuna sabata yomweyo, chifukwa mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike. Dikirani miyezi itatu.