Momwe mungadziwire ngati ena angamvetsere foni yanu yopanda chingwe

Mafoni a m'nyumba opanda chingwe a analogi amatumiza mawu pa FM, ndipo mwina mungaganize kuti zimenezi zimakutetezani. FM siteteza zokambirana zanu ngakhale pang'ono. Ndi njira chabe yonyamulira mawu pa mafunde a wailesi, yomwe ija nyumba zoulutsira mawu zimagwiritsa ntchito kuti aliyense azimva. Imachepetsa kusokosera, koma sibisa mawu. Munthu wa sikana, kawailesi kofufuza mafunde osiyanasiyana, akangotchera pa mafunde anu amamva zonse, nthawi zambiri mbali zonse ziwiri, chifukwa kabokosi kamene foni imakhalapo kamaulutsa mawu anu pamodzi ndi a mnzanuyo.

Yambani ndi kutembenuza kabokosiko muwerenge pansi pake. Mukaona 46/49 MHz, foniyo ndi ya analogi, palibenso zofunsa. Za 900 MHz zilipo za mitundu yonse iwiri, choncho muyese. Imbirani munthu n'kumayenda kutalikirana ndi kabokosi. Ya analogi imayamba kusokosera pang'onopang'ono ngati wailesi imene yasiya kugwira bwino. Ya digito imadula mawu m'zidutswa, kenako zii.

Pamene ambiri amapusitsika ndi pa mawu akuti "digital" olembedwa pa katoni. Kawirikawiri amanena za makina oyankha mafoni, kapena za "digital security code". Nambala imeneyi ntchito yake ndi kuletsa foni ya mnansi wanu kuyimbira pa laini yanu basi; mawu amapitabe poyera pa FM. Musakhulupirirenso kukula kwa nambala ya mafunde. Mafoni ena a 2.4 GHz ndi 5.8 GHz anali a analogi, ndipo ena ankatumizabe mbali imodzi ya mawu pa mafunde otsikirapo. Ogulitsa katundu wakale amakonda kuloza nambala yaikuluyo ngati umboni wa chitetezo. Zoti "voice scramble" pa foni ya analogi n'kungotembenuza mawu, ndipo kuwabweza sikuvuta. Kusintha tchanelo nakonso sikuthandiza, sikana imazungulira matchanelo onse m'kanthawi kochepa.

Ikapezeka ya analogi, isiyeni. Gulani ya DECT, mtundu wa mafoni a digito opanda chingwe, imene ku Ulaya imayenda pa 1880 mpaka 1900 MHz ndipo ku America pa 1920 mpaka 1930 MHz. Koma muone m'kabuku kake ngati imabisadi mawu, chifukwa mu 2008 akatswiri a ku Germany anaonetsa kuti mafoni ambiri a DECT sankabisa n'komwe, ndipo mu 2010 njira yakale yobisira mawu yotchedwa DSC inathyoledwa. Funani yolembedwa DSC2 kapena AES, njira zolimba zobisira mawu, ngakhale ikwere mtengo pang'ono.

Mukailumikiza, sinthani PIN ya kabokosi, zambiri zimabwera ndi 0000. Chotsani pa mndandanda wa mafoni olumikizidwa ku kabokosi foni iliyonse imene simukuidziwa. Ngati yakale ija mukuisungabe, manambala a ku banki musamatchulirepo.