Bwato mwalisiya bwanji padoko? Zimene eni mabwato a matanga amachita namondwe asanafike

Chiletso cha usodzi chikayamba pa 1 Disembala, ambiri a inu mumapachika maukonde n'kuloza kumunda. Chimanga chikufuna kupalira, feteleza akufuna kuthira, ndiye bwato limatsala padoko lili chimangidwire ndi kachingwe komwe kaja kam'chilimwe. Pamenepo limagona mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Tsoka lake, miyezi imeneyi ndiyo Luangwa amatupa, Lupande ndi Msandile nawonso amasefukira, ndipo ku nyanja ya India ndi nyengo ya anamondwe, imene imayamba pakati pa Novembala mpaka kutha kwa Epulo. Bwato timalisiya lamasiye pa nthawi imene likufunitsitsa mwini wake.

Wina anena kuti: a alangizi, namondwe ndi nkhani ya ku Beira ndi ku Blantyre, ife kuno kum'mawa kwa Zambia nyanja yamchere tinaiona liti? Zoona, ili kutali. Namondwe amabadwira pa madzi ofunda a m'nyanja, a madigiri 26 kapena kuposa, ndipo akalowa kumtunda mphepo yake imayamba kufooka. Koma mtolo wa mvula satula msanga. Namondwe wotchedwa Idai anagwera pa Beira mu Malichi 2019, madzi ake n'kukawononga mpaka ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe. Freddy anakhala masiku 36, ndipo atalowa kachiwiri mu Mozambique pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, anapha anthu oposa 1,000 ku Malawi, ambiri chifukwa cha madzi ndi matope otsika m'mapiri. Malire a Mwami ali pakhomo pathu pomwepa. Kwa ife namondwe amabwera ngati madzi a mumtsinje.

Anthu amene anazolowera kulimbana ndi zimenezi chaka ndi chaka ndi eni mabwato oyendera matanga (nsalu zikuluzikulu zogwira mphepo) a ku Florida m'dziko la America ndi kuzilumba za Caribbean. Kumeneko namondwe wamkulu amamutcha hurricane, dzina limene amapatsidwa mphepo yake ikafika makilomita 119 pa ola, ndipo nyengo yake ndi kuyambira 1 Juni mpaka 30 Novembala. Mabwato awo amagona pa marina, doko lomangidwa ndi milatho yamatabwa kapena yakonkire pamene mabwato mazana amakochezedwa moyandikana ngati ng'ombe m'khola. Mtengo wa bwato limodzi lotere ungamange nyumba zingapo ku Kapata. Musaseke poyerekeza ndi bwato lanu losema. Madzi sadziwa mtengo wa bwato, ndipo nzeru zimene iwo anagula ndi misozi ife tingazitenge kwaulere.

Nzeru yawo yoyamba ndi yosavuta kumva: bwato limene lili pamtunda silimira. Amene angathe amalivuula ndi makina onyamulira, kuliimika pa zichirikizo zachitsulo, kenako kulimanga ndi malamba olimba ku zikhomo zozikika pansi kuti mphepo isaligwetse. M'zilumba zina amachita kukumba dzenje kuti chipsepse cholemera cha pansi pa bwato chilowemo, bwato likhale chogwada. Vuto lake makinawo amanyamula limodzilimodzi. Ofesi yoona za anamondwe ya ku Miami imapereka chenjezo loyamba kutatsala maola 48, lachiwiri kutatsala maola 36, ndipo wodikira chenjezo lachiwiri amapeza mzere wafika patali. Ochenjera amalembetseratu malo nyengo isanayambe.

Ife makina tilibe, koma tili ndi abale ndi ngolo. Mutu umodzi susenza denga: panganani tsiku limodzi monga gulu la padoko, muyale mitengo yobulungira pansi, mukoke mabwato onse. Kukokera kuti? Osati pamchenga pomwe pali pafupi. Funsani akuluakulu a m'mudzi pamene madzi anafika chaka chimene anadzaza koposa, yang'anani zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo, ndipo mupitirire pamenepo. Bwato losema muliike pamthunzi, chafufumimba, pamwamba pa zipika kuti lisakhudze dothi. Dzuwa limaling'amba, chiswe chimalidya pansi mwakachetechete. Boti la fayiba ndi lopepuka, mphepo imalinyamula ngati lichero, choncho limangeni ku mitengo kutsogolo ndi kumbuyo.

Mvula yokha imamiza bwato, ngakhale popanda funde limodzi. Tiwerengere limodzi. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndi lita imodzi ya madzi, kilogalamu imodzi. Boti la mamita 6 limene kamwa lake ndi lokwana malo otere 7, likalandira mamilimita 100 usiku umodzi, lamwa malita 700. Zimenezo ndi zigubu 35 za malita 20. Ndani angakweze zigubu 35 m'boti n'kukagona tulo? Anzathu aja amatchajiratu mabatire kuti mapampu azitulutsa madzi okha, ndipo amayeretsa timabowo totulutsira madzi a mvula. Inu pampu yanu ndi mbale yokapira ndi miyendo yanu. Ngati boti lili pamtunda koma simunalitembenuze, zulani chotsekera cha kumbuyo, mukweze mphuno pang'ono kuti madzi azituluka.

Amene bwato lake latsala pamadzi amayamba ndi kulivula. Matanga onse amatsitsidwa n'kupita m'nyumba, mahema a mthunzi, kabwato kakang'ono, chilichonse chimene mphepo ingagwire. Chifukwa chake n'chakuti mphepo ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake yokankha imawirikiza kanayi, ndiye thanga limene latsala lokulungidwa likangomasuka kansonga, limasanduka dzanja logwedeza bwato lonse. Kwa inu zovula ndi injini, thanki ya petulo, nkhafi, maukonde ndi lona. Injini ikagone kunyumba, choimirira.

Tsopano chingwe, ndipo apa ndichedwapo, pakuti mabwato ambiri amatayika chifukwa cha chingwe.

Pa marina chowopsa si mphepo yokha. Namondwe amakankha madzi a m'nyanja kumtunda, madzi n'kukwera mamita angapo m'maola ochepa. Hurricane Ian atadutsa ku Fort Myers, mzinda wa ku Florida, mu Seputembala 2022, mabwato anapezeka ataunjikana m'misewu ndi pakati pa nyumba. Bwato lomangidwa ndi chingwe chachifupi pa mlatho wosasuntha limakwera ndi madzi mpaka chingwe chitakungika. Kenako china chigonje: chingwe chiduke, chomangirapo chizuke, kapena bwato lipendeke limwe madzi. N'chifukwa chake amamanga zingwe zazitali, kuzifikitsa ku mizati yakutali, ziwiriziwiri mbali iliyonse, bwato n'kukhala pakati ngati kangaude pa ukonde wake, lotha kukwera ndi kutsika koma losafika pogunda mlatho kapena linzake.

Kodi si zomwezo zimene zimachitika pa Luangwa? Munthu wamanga bwato ku muzu wa pansi ndi chingwe cha mikono iwiri, madzi akwera usiku, mphuno ya bwato yakokedwa pansi, mmawa angoona chingwe choloza m'madzi. Mangani pamwamba pa thunthu, pamene mukuona kuti madzi safika, chingwe chikhale ndi mpata wokwanira. Mangani ziwiri, pa mitengo iwiri yosiyana, ndipo pa bwato zisakumane pa bowo limodzi, pakuti bowolo likang'ambika zonse zapita. Mtengo womwewo muuyang'ane bwino. Luangwa amadya gombe la kunja kwa khota, kumene madzi amathamanga, ndipo chaka chilichonse mitengo ikuluikulu imagwera mumtsinje ndi mizu yomwe. Mtengo wa pamphepete pa phompho lotere ungapite ndi bwato lanu.

Chingwe sichiduka paliponse. Chimaduka pamene chikukhuzika: pamlomo pa bwato, pamwala, pakhungwa. Eni mabwato a matanga amakonda chingwe cha nayiloni chifukwa chimatamuka, chimameza kugwedeza kwa mafunde. Koma nayiloni akamakokedwa ndi kukhuzika kwa maola ambiri amatentha mkati mpaka ulusi wake kusungunuka. Ndiye paliponse pokhuzika amavekapo chotchinjiriza, kawirikawiri chidutswa cha payipi yansalu yakale ya ozimitsa moto, yomwe imalola madzi kulowa n'kuziziritsa chingwe. Inu dulani jinzi yakutha, mukulunge katatu, mumange ndi malegeni kuti isatsetsereke. Ntchito ya mphindi khumi imeneyo. Ndikuonjezereni kanga: chingwe cha buluu chija chapulasitiki chimene timagula pamsika chimapsa ndi dzuwa. Chipotokoleni ndi manja. Chikatulutsa fumbi ngati gaga, chimenecho n'chomangira nkhuni, osati bwato. Pakati pa bwato ndi linzake kolekani matayala akale.

Ena amachoka pa marina n'kukabisa mabwato m'timitsinje totchingika, pakati pa mitengo yomera m'madzi amchere yotchedwa mangrove, kumene amaponya anangula angapo n'kumanga zingwe ku mizu. Nthawi zambiri zimathandiza, koma si nthawi zonse. Namondwe Irma mu Seputembala 2017 anaunjika mabwato ochuluka pa Paraquita Bay pachilumba cha Tortola ku Caribbean, malo amene ankadaliridwa ngati pobisalira, ndipo namondwe Beryl atagwera pachilumba cha Carriacou pa 1 Julayi 2024 anawononga ambiri amene anathawira m'mitengo ija. Pamalo othithikana, bwato limodzi likaduka limakokolola anzake. Ife pobisalira pathu ndi mathamanda amene mtsinje unasiya utasintha njira, kapena kuseri kwa khota kumene madzi amayenda mwaulesi ndipo zipika zoyandama sizidutsa. Komabe mukamanga lanu, yang'anani ndi la mnzanu. Ngati chingwe chake n'chowola, pitani mukamuuze, ngakhale akhale apongozi anu.

Zonsezi zimachitika kunja kuli bata. Mphepo ikayamba, palibenso chokonza, ndipo langizo limene alonda a m'nyanja amabwereza chaka chilichonse ndi lakuti munthu asagone m'bwato pofuna kuliteteza. Ena amapusitsidwa ndi diso la namondwe, pakati pake pamene mphepo imaleka, nthawi zina thambo kuoneka. Munthu amatuluka kukaona zingwe, mphepo n'kubwerera kuchokera mbali ina ndi ukali womwe uja. Kwathu kuno chinyengo chake n'china. Luangwa amachokera kutali, ku mapiri a Mafinga, ndipo amalandira madzi a mitsinje yambiri. Pamudzi panu dzuwa likhoza kuwala pamene madzi a mvula ya dzana akali m'njira. Bwato likaduka usiku, musalilondole, musalowe m'madzi, musatume mwana. M'madzi osefukira muli zipika, ng'ona zimafika mpaka m'minda, ndipo mvuu zimasintha malo. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala, anatero akale. Mtengo wosema lina ulipo m'thengo.

Wailesi ikhale ndi mabatire. Nthambi yoona za nyengo ya dziko lathu imalengeza za mvula yamphamvu, ndipo mawailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria amamveka m'madera ambiri a kuno. Mukamva kuti namondwe walowa mu Mozambique, limenelo ndilo tsiku lopita padoko, khasu lidikire. Lembani dzina la mudzi wanu ndi penti mkati mwa bwato, mulijambule pafoni. Anzathu aja amajambulira a inshuwalansi, inu mukujambulira mfumu ya mudzi wa kumunsi kumene bwato likakodwe.

Madzi akayamba kuphwa muzipitako kawirikawiri, pakuti chingwe chimene chinali bwino madzi ali pamwamba chikhoza kusiya bwato litatsamira pa gombe lotsetsereka, theka m'matope. Ngati injini inamira, musaikoke kuti ilire. Chotsani mapulagi, tulutsani madzi, tayani petulo amene wasakanikirana ndi madzi, thirani oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi, ndipo mupite nayo kwa makanika tsiku lomwelo, chifukwa dzimbiri limayamba ikangokumana ndi mpweya. Bwato limene linagona chafufumimba muyambe mwaligogoda ndi ndodo musanalowetse dzanja pansi pake. Njoka nazo zimathawa madzi, ndipo zimafuna pouma pomwepo.