Momwe mungasankhire flasher yowedzera nsomba panyanja youndana

Disembala akafika, nyanja za ku Minnesota ndi Wisconsin ku America, ndi za ku Manitoba ku Canada, zimaundana gwa, ndipo asodzi amayenda pamwamba pake, kubowola una n'kuponyamo mbedza. Ngati anzanu a kuntchito anakutenganiko ulendo umodzi, munaona aliyense ali duu pachidebe, maso ali pa kabokosi kokhala ndi timagetsi tozungulira ngati wotchi. Kabokosi kameneko ndi flasher. Mukafuna kugula kanu mudzapeza mayina atatu akulimbirana malo pashelefu: Vexilar ndi MarCum, onse a ku Minnesota, ndi Humminbird. Wogulitsa adzayamba ndi mawati ndi mitundu ya magetsi. Inu yambani ndi nyanja yomwe muziwedzamo.

Poyamba mvetsani zomwe makinawo amachita. Ali ndi kachipangizo kotchedwa transducer, komwe mumakalendewetsa mu una. Kamatumiza phokoso lomwe khutu silimva, phokosolo limagunda chinthu n'kubwerera, ndipo makinawo amaonetsa kuya komwe chinthucho chili. Mzere wokhuthala wofiira ndiye pansi pa nyanja. Nyambo yanu imaoneka ngati kamzere kowonda, mukaigwedeza nakonso kamagwedezeka nthawi yomweyo. Pa Vexilar, nsomba ikakhala m'mphepete mwa malo omwe phokosolo likufika imaoneka yobiriwira, ikamayandikira imasanduka ya olenji, ikafika pansi penipeni pa una imafiira. Apo mtima umayamba kugunda.

Gawo loyamba: dziwani kuya kwa madzi anu

Upper Red Lake ku Minnesota ndi nyanja yosaya, malo ambiri sapyola mafiti 15. Mille Lacs, ya ku Minnesota komweko, imafika mafiti 42 pamalo ozama kwambiri. Lake Simcoe ku Ontario, m'dziko la Canada, imapyola mafiti 100. Makina omwe akusangalatseni pa imodzi akhoza kukutopetsani pa inayo.

M'madzi osaya vuto ndi mphamvu yochuluka. Phokoso limabwerera lamphamvu kwambiri moti udzu, nyambo ndi nsomba zimasakanikirana kukhala chinthu chimodzi chofiira. Ndiye ngati muziwedza m'madzi osakwana mafiti 15, funsani ngati makinawo ali ndi njira yochepetsera mphamvu. Vexilar FL-18 ili nayo. FL-8, yomwe ndi yotsika mtengo, imafuna kachingwe kapadera kotchedwa S-Cable kuti ichite zomwezo.

Gawo lachiwiri: sankhani transducer

Apa ndi pomwe pagona nkhani, koma ambiri amangodutsapo. Phokoso likachoka pa transducer limatambasuka ngati kuwala kwa tochi, ndipo kutambasukako amakuyeza m'madigiri. Masamu ake ndi osavuta. Ya madigiri 19 kapena 20 imaona malo otambalala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, kutanthauza kuti pa mafiti 30 ikuona bwalo la mafiti 10. Ya madigiri 9 pa kuya komweko ikuona bwalo losakwana mafiti 5. Ya madigiri 12 ili pakatikati.

Munthu angaganize kuti yotambalala ndiyo yabwino chifukwa ikuona zambiri. M'madzi osaya n'zoona, ndipo nyambo sithawa m'bwalo ngakhale madzi akuyenda. Koma pitani nayo pamalo otsetsereka, pomwe pansi pakuchoka pa mafiti 20 kutsikira ku 28. Phokoso liyamba kugunda mbali yosayayo, makina aonetsa kuti pansi ndi pamenepo, ndipo chilichonse chomwe chili m'munsi mwake chibisika mumzere wofiira uja. Tsoka lake n'lakuti nsomba za walleye zimakonda malo otere. Mudzakhala tsiku lonse mukunena kuti nyanja yauma, nsomba zili phee pansi pa nsapato zanu. Transducer yopapatiza imachepetsa malo obisikawo, komanso sitola phokoso lambiri la makina a anzanu.

Ngati simunakhazikike panyanja imodzi, tengani yokhala ndi zonse ziwiri pamodzi, yotambalala ndi yopapatiza. Humminbird ICE 35, 45 ndi 55 zimasintha pakati pa madigiri 9 ndi 19, pomwe MarCum M5 ili ndi 8 ndi 20.

Gawo lachitatu: ganizirani nsomba yomwe mukufuna

Walleye ndi perch zimayenda mokhudza matope. Pa makina oonetsa madzi onse a mafiti 40 pabwalo limodzi la timagetsi, nsomba yotere siisiyanitsika ndi pansi. Zoom ndiyo imathetsa vutoli: imatenga kachigawo ka madzi n'kukakulitsa. FL-18 imakulitsa mafiti 6 a pansi penipeni, ndipo Vexilar FLX-28 imakupatsani 6 kapena 12. Kwa ine, kusiyana kwa FL-8 ndi FL-18 kuli pamenepa, ndipo ndalama yowonjezerayo siipita pachabe.

Crappie zili ndi khalidwe lina. Zimakonda kuyandama pakatikati, mwina mafiti 15 m'madzi a mafiti 30, komwe zoom yomatirira pansi siingakuthandizeni. MarCum M3 ndi M5 zimalola kusuntha zoom kupita pa kuya kulikonse.

Gawo lachinayi: onani batani lochotsa phokoso la ena

Pa nyanja zotchuka ngati Lake of the Woods kapena Lake Winnipeg Loweruka, anthu amakhala ngati pamsika. Makina oyandikana amamverana, ndipo pabwalo lanu pamayamba kuthamanga timizere tosadziwika komwe tachokera. Makina atsopano a makampani atatuwa ali ndi batani lothetsera zimenezi. Ngati mukugula akale, lidineni muone kuti likugwira ntchito.

Gawo lachisanu: bwalo lozungulira kapena sikirini

Flasher yeniyeni ili ndi kagudumu kozungulira m'kati, sichedwa kuonetsa zomwe zikuchitika, ndipo mabatani ake mutha kuwagwira mutavala magolovesi. Za sikirini, monga MarCum LX-7 kapena Humminbird ICE Helix, zimaonetsanso zomwe zadutsa masekondi angapo apitawo, choncho mukacheuka kuthira tiyi simuphonya nsomba. ICE Helix zina zili ndi GPS ndi mapu a nyanja, ndipo chilimwe mutha kuzimangirira pabwato. Kenako pali Garmin LiveScope, yomwe inatuluka mu 2018, yoonetsa nsomba zikusambira ngati kanema. Ndi yodabwitsa, ndi yolemera kunyamula, ndipo mtengo wake ukhoza kugula ma flasher angapo. Chaka choyamba isiyeni.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: batire

Ambiri amabwera ndi batire la mavoti 12, la 7Ah kapena 9Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi omwe batire limasunga). La mtovu ndi lotsika mtengo koma limalemera, ndipo ukaliiwala osalitchaja chilimwe chonse limafa. Ine ndinaphunzira mowawa: ndinagula makina akale kwa munthu wina, pakhomo pake anayaka bwinobwino, panyanja anazima ola lisanathe. La lithium limapepuka, ndipo ngati ndinu msodzi wobowola mauna 20 patsiku, phewa lanu lidzaona kusiyana. Limangofunika tchaja yoyenerana nalo.

Musanalipire

Pemphani kuti ayatse makinawo. Ikani transducer pafupi ndi khutu, mumve ikugogoda chapansipansi, ngakhale kuti phokoso lenileni lomwe imatumiza khutu silimva. Yang'anani chingwe ngati chili ndi ming'alu, makamaka pomwe chimalowa mu transducer, chifukwa ayezi amachidya pamenepo. Ngati muli pafupi ndi mzinda wa St. Paul ku Minnesota, kumayambiriro kwa Disembala kumachitika chionetsero cha zowedzera pa ayezi ku RiverCentre, komwe mungaone makina osiyanasiyana akuyaka moyandikana.

Mukafika panyanja, tsitsani transducer mpaka ipyole kunsi kwa ayezi, ilendewere mowongoka. Ponyani nyambo, kenako chepetsani gain, yomwe ndi mphamvu yomvera ya makinawo, mpaka nyamboyo izioneka ngati kamzere kowonda kobiriwira, chifukwa mukaikweza kwambiri chilichonse chimaoneka ngati nsomba. Laisensi yowedzera ikhale m'thumba. Ndipo flasher imayeza madzi okha, siyeza ayezi yemwe mwapondapo: a Minnesota DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe, amati munthu woyenda pansi adikire mpaka ayezi watsopano, woonekera bwino, afike mainchesi 4, ndipo ngati ndi woyera ngati mkaka, muyezowo muuchulukitse kawiri.