Pemphero likamakanika pambuyo pa maliro

Masiku a maliro amapiririka, chifukwa pakhomo pamakhala anthu, kwaya ikuyimba usiku wonse. Chovuta chimabwera anthu akabalalika, mphasa zikapindidwa, inu n'kutsala nokha ndi zovala za malemu. Pamenepo ambiri pemphero limawakanika, ndiye amayamba kudziweruza kuti chikhulupiriro chawathera.

Sichinathe ayi. Mukasowa mawu, tsegulani Salimo 88 muwerenge mokweza, ngakhale pakati pa usiku. Salimo limeneli ndi dandaulo lokhalokha, limathera mumdima popanda chitonthozo, komabe lili m'Baibulo. Ine linandigwira dzanja kuposa maulaliki onse mayi anga atatisiya. Likakulemerani, Salimo 13 ndi lalifupi, mavesi 6 okha.

Chinanso, sankhani munthu mmodzi wa kumphakati kapena ku Mvano, wosalongolola, mugwirizane tsiku loti azibwera sabata iliyonse. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Zinalakwika atatsegula pakamwa. Ndipo wina akakuuzani kuti Mkhristu salira, mukumbutseni kuti Yesu analira kumanda a Lazaro, akudziwa bwino lomwe kuti amuukitsa.

Kutchalitchi zipitanibe, ngakhale mukangokhala kumbuyo osayimba, n'kutuluka mapemphero asanathe.