Mtolankhani wa magemu amene mumamukonda wasiya ntchito, kapena wopanga gemu wachoka pa kampani. Ndiye mutani?

Masiku ano sipapita mwezi osamva zoti uje wachoka ku IGN, uje wachotsedwa ku Kotaku (mawebusaiti olemba nkhani za magemu), kaya dayirekitala wa gemu inayake watsanzika pa situdiyo imene wagwirapo zaka zambirimbiri. Uthenga ukangotuluka anthu amagawikana pompo, ena kudandaula, ena kutukwana kampani, ena ayamba kale kulosera zoti gemu yotsatira ikhala mbola. Ine zimandikhudza chifukwa zambiri mwa izi timachita tisanadziwe n'komwe chomwe chachitika, ndipo mwini wake amene ntchito yamutherayo sizimuthandiza olo pang'ono.

Choyamba dziwani kaye kuti wachoka bwanji. Pali kusiya wekha chifukwa wapeza pena, pali kuchotsedwa iwe wekha, ndiye pali zija zoti kampani yachepetsa anthu kapena yatseka situdiyo yonse. Jason Schreier atachoka ku Kotaku mu 2020 anapita ku Bloomberg, ameneyo mutha kumufunira zabwino bwinobwino. Koma mu Januwale 2024 Microsoft inachotsa anthu 1,900 ku mbali ya magemu, kenako mu Meyi chaka chomwecho inatseka Tango Gameworks, situdiyo imene inatulutsa Hi-Fi Rush mu 2023, gemu yoti anthu anaiyamikira kwambiri mpaka kuwina mphoto. Munthu wotere kumulembera kuti "zabwino zonse pa ulendo watsopano" ndi kumupweteka, ndipo kunena kuti anachotsedwa chifukwa ankalephera ntchito ndi bodza lenileni. Werengani mawu ake mofatsa. Akalemba kuti akufuna ntchito, chomwe akusowa ndi choti mugawe uthengawo kuti ufike kwa olemba anthu ntchito, basi.

Kenako pamabwera nkhani ya kukhala chete. Munthu wachoka, sakunena chifukwa, ndiye mafani ayamba kumupanikiza kuti tiuzeni zoona, mukubisa chani. Ambiri amakhala atasainira mgwirizano woti asaulule za mkati mwa kampani, ndipo nthawi zina ndalama zimene amapatsidwa pochoka zimadalira kuti asunge pakamwa. Taonani nkhani ya Jeff Gerstmann. Anachotsedwa ku webusaiti ya GameSpot mu Novembala 2007 atangolemba ndemanga ya gemu ya Kane & Lynch: Dead Men n'kuipatsa 6 pa 10, pa nthawi imene webusaiti yonse inali yodzaza ndi malonda a gemu yomweyo. Owerenga anakayikira nthawi yomweyo, mkwiyo unali waukulu, anzake ena ogwira nawo ntchito anasiya m'miyezi yotsatira, koma iye mwini anadzafotokoza poyera mu 2012, CBS Interactive, mwini wa GameSpot pa nthawiyo, itagula Giant Bomb, webusaiti imene Gerstmann anayambitsa atachotsedwa, kuti mabwana anagonja kwa otsatsa malonda amene ankadandaula ndi ndemanga. Zaka zoposa zinayi munthu ali duu, osati chifukwa analibe chonena. Ndiye mukaona wina sakuyankha mafunso anu musamutenge ngati akukunyozani, ndipo musayambe kupeka nkhani m'malo mwake, poti mphekesera zimenezo zimadzamuvuta iyeyo pofunsira ntchito kwina.

Tsopano apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, dzina ndi la kampani koma luso limapita ndi munthu. Mu Novembala 2023 webusaiti ya The Escapist itachotsa mkonzi wamkulu Nick Calandra, Yahtzee Croshaw ndi anzake a mavidiyo anasiya ntchito n'kukayambitsa Second Wind. Dzina la Zero Punctuation, pulogalamu imene Croshaw anakhala akupanga kuyambira 2007, linatsala ku kampani, iye anangoyamba ina yotchedwa Fully Ramblomatic, mawu omwewo, kalankhulidwe kothamanga komweko. Amene ankangotsatira tchanelo chakale osadziwa dzina la munthu akanamutaya. Chimodzimodzi Hideo Kojima, amene anayambitsa magemu a Metal Gear, atasiyana ndi Konami mu 2015, Metal Gear inatsala ku Konami, Silent Hills, gemu imene ankapanga, inathetsedwa, P.T., kagemu kakafupi kolawitsa Silent Hills, inachotsedwa pa PlayStation Store, ndipo kupita kukamuchonderera Kojima kuti apange Metal Gear ina n'kutaya nthawi chifukwa ufulu wa dzinalo si wake. Choncho dzifunseni moona mtima kuti chimene ndinkakonda ndi chani kwenikweni, kalembedwe ka munthuyu, kucheza kwa gulu lonse pa podikasiti, kapena dziko la mu gemumo ndi anthu ake? Yankho lake ndi limene likuuzeni koti mupite.

Kwa opanga magemu onjezeraniponso kusamala. Gemu yaikulu imapangidwa ndi anthu mazanamazana, ndiye dzina limodzi lotchuka likachoka sizitanthauza kuti zonse zatha, komanso sizitanthauza kuti kumene wapitako kutuluka zodabwitsa. Keiji Inafune, wodziwika ndi magemu a Mega Man, anachoka ku Capcom mu 2010, mu 2013 anthu okonda Mega Man anamusonkhera ndalama pafupifupi madola 4 miliyoni pa Kickstarter, webusaiti yosonkherana ndalama, kuti apange Mighty No. 9, gemu inachedwa, itatuluka mu 2016 ambiri anakhumudwa nayo. Koji Igarashi, wodziwika ndi magemu a Castlevania, anachoka ku Konami mu 2014, naye anapita pa Kickstarter, anapeza madola oposa 5 miliyoni, Bloodstained inatuluka mu 2019 ndipo anthu a Castlevania anailandira bwino. Njira imodzi, zotsatira zosiyana. Musanaponye ndalama zanu fufuzani kuti wapita ndi ndani. Pa MobyGames mutha kuona mayina a anthu amene anagwira pa gemu iliyonse, onani amene anakonza kaseweredwe, amene analemba nkhani, amene anajambula, kenako yang'anani ngati mayina amenewo akupezekanso pa situdiyo yatsopanoyo. Activision itachotsa Jason West ndi Vince Zampella ku Infinity Ward mu 2010, anthu ambiri a pa situdiyoyo anawatsatira ku Respawn, situdiyo yatsopano imene awiriwo anayambitsa, ndipo chimenecho chinali chizindikiro champhamvu kuposa mayina awiri aja. Olo zinali choncho, Titanfall, gemu yoyamba ya Respawn, inadzatuluka mu 2014, ndipo Death Stranding ya Kojima mu 2019. Situdiyo yatsopano imafuna zaka, musayambe kufunsa tsiku lotulutsa gemu pakangotha miyezi itatu. Dziwaninso kuti mndandanda wa mayina uja suli wathunthu nthawi zonse, makampani ena amachotsa dzina la munthu amene wachoka gemu isanathe, monga anadandaulira ena amene anagwira pa Metroid Dread ku MercurySteam mu 2021.

Chimene sindigwirizana nacho ngakhale pang'ono ndi kupsera mtima amene atsala. Wolemba watsopano amene walowa m'malo mwa amene mumamukonda uja sanachotse munthu, amene anasainira zimenezo ndi mabwana oti mwina simudzamva n'komwe mayina awo. Koma amene amalandira zitukwano ndi uja woyankha mafunso a osewera, kapena mtolankhani wachinyamata amene wangoyamba kumene ntchito ndipo naye sakudziwa ngati mwezi wamawa akhalapo. Ngati mwakwiya, siyani kulipira ndipo lemberani kampaniyo kuti mwasiya chifukwa chakutichakuti, mawu awiri atatu aulemu. Zimenezo zimafika pa tebulo la owerengera ndalama, pamene kutukwana wantchito kumathera pa foni yake.

Nanga mtolankhani akapita kukagwira ntchito ku kampani yopanga magemu? Apa mawu amene amatuluka msanga ndi oti wagulidwa, eti ndemanga zake zonse zakale zinali zofunira ntchito. Greg Kasavin anali mkonzi wamkulu wa GameSpot, anachoka mu 2007 kupita ku Electronic Arts, kenako ku Supergiant Games komwe analemba nkhani za Bastion ndi Hades. Munthu amene watha zaka akusanthula chimene chimapangitsa gemu kukoma, kufuna kupanga yake si zachilendo, komanso malipiro a utolankhani wa magemu ndi ochepa ndipo ntchito yake siikhalitsa. Funso loyenera ndi limodzi, kodi ankalembabe za kampaniyo pa nthawi imene ankakambirana nayo za ntchito, ndipo anauza owerenga? Ngati mulibe umboni wa zimenezo musamunamizire. Kungoti kuyambira tsiku limenelo zolankhula zake pa magemu a kampaniyo muzizimva ngati za wantchito wa kumeneko, osatinso mtolankhani.

Pa nkhani yotsatira munthu, musadalire kuti pulogalamu ya pa foni ikuonetsani yokha kumene wapita. Lembetsani kalata yake ya pa imelo ngati ali nayo, ikani podikasiti yatsopanoyo, sungani dzina lake lenileni osati la webusaiti lokha. Ambiri tsopano akudziimira paokha ndi ndalama za owerenga, Greg Miller ndi anzake anasiya IGN mu 2015 kukalimbikira Kinda Funny kudzera pa Patreon, webusaiti imene mafani amalipirirapo mwezi ndi mwezi, Danny O'Dwyer anayambitsa Noclip mu 2016, kampani ya Vice itatseka webusaiti ya Waypoint mu 2023 ena ogwira ntchito kumeneko anapanga Remap, ndipo Aftermath ndi ya olemba okhaokha, ambiri ochokera ku Kotaku. Simungalipire onse, sankhani mmodzi kapena awiri amene mumawawerengadi mlungu ndi mlungu, ndipo kandalama kochepa kobwera mwezi uliwonse kamawathandiza kukonza bajeti kuposa kuponya zambiri mwezi woyamba kenako n'kusowa. Ngati thumba silikulola, kugawa nkhani zawo kwa anzanu kumathandizabe.

China chimene anthu amaiwala ndi kusunga nkhani zakale. GameStop itatseka Game Informer mu Ogasiti 2024, magazini ya zaka 33, webusaiti inazimitsidwa nthawi yomweyo ndipo olemba ake anatsala opanda poloza ntchito yawo pofunsira kwina. Inadzabwerera mu Malichi 2025 itagulidwa ndi Gunzilla Games, koma si onse amene amabwerera. Mukamva kuti webusaiti ili pa mavuto, tengani linki ya nkhani imene mumaikonda, pitani pa Wayback Machine ya Internet Archive, isungeni pamenepo, ndipo ngati wolemba wake akufunafuna zolemba zake zakale mutumizireni linki imeneyo.