Musanatumize ndalama ku bungwe lothandiza amayi kuno kumudzi

Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja mu Malichi 2023, ife a mu Blantyre tinaona kuti abale athu a kunja sanaiwale kwawo. Magulu a pa WhatsApp a ku Joni, ku Dublin ndi ku Leeds anasonkha usiku ndi usana. Matope atauma, mlongo wanga wa ku Cape Town anandiimbira. "Achemwali, ine ndikufuna ndizithandiza amayi ndi atsikana mwezi ndi mwezi, koma nditumize kwa ndani?" Funsoli ndi la anthu ambiri, n'chifukwa chake ndaliyankha poyera.

Yambani mwadzifunsa kuti chikukuwawani n'chiyani. Mawu oti "kuthandiza amayi" ndi thumba lalikulu. Muli mtsikana wa ku Chirimba amene wasiya sukulu chifukwa cha mimba, muli mayi wamasiye amene achibale a mwamuna amulanda nyumba maliro asanathe n'komwe, mulinso wogulitsa tomato mumsika wa Limbe amene akusowa mpamba. Bungwe lokuuzani kuti zonsezi limazichita, kuwonjezanso mijigo ndi kudzala mitengo, lifunseni kawiri.

Kenako mapepala. Bungwe lililonse lomwe si la boma liyenera kulembetsa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe otere, yomwe kale inkatchedwa NGO Board lamulo lisanasinthidwe mu 2022, ndipo chaka ndi chaka limayenera kupereka malipoti a kayendetsedwe ka ndalama. Pemphani chithunzi cha satifiketi ya chaka chino ndi lipoti lomaliza. Ambiri amakhalanso mamembala a CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si a boma. Timagulu ta m'madera, ngati ta amayi a ku Ndirande kapena ku Bangwe, timadziwika ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya khonsolo, ndiponso kwa mfumu. Musatinyoze chifukwa choti tilibe tsamba pa intaneti; nthawi zambiri ndi tomwe timadziwa khomo lomwe mwana akumenyedwa. Koma ngakhale gulu likhale laling'ono chotani, ndalama isapite pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi. Funsani akaunti ya dzina la gulu, yosainira anthu awiri kapena atatu, ndipo lisiti libwere. Akakwiya ndi mafunso amenewa, akuyankhani kale.

Tsopano nkhani yomwe ine imandikhudza kwambiri. Anthu a kunja mumakonda zooneka: amayi atandandalika pamzere, aliyense atanyamula chitenje ndi ndowa, wina akujambula. Sindikukuimbani mlandu, munthu akakhetsa thukuta m'nyumba zosamalira nkhalamba ku England amafuna aone kumene ndalama yake yagwera. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitenje chimang'ambika chaka chisanathe, mwamuna womenya uja akadali pomwepo.

Malamulo oteteza amayi tili nawo, ndipo ndi abwino. La nkhanza za m'banja linabwera mu 2006. La chuma cha masiye la 2011 linanena kuti kulanda katundu wa omwalira ndi mlandu. La kusasiyanitsa amuna ndi akazi ndi la 2013, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Chomwe chimasowa ndi mayendedwe oti mayi afike pomwe lamulolo lili. Kuchoka ku Lirangwe kupita kukhoti kanayi kapena kasanu, mlandu ukungoimitsidwa, mboni nayo ikufuna ya minibasi ndi ya nkhomaliro: apa ndi pomwe milandu yambiri imafera. Ku Gulupu kuli One Stop Centre, komwe wogwiriridwa amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamalo amodzi, koma mwana wa ku Mpemba amafunika womuperekeza ndi ndalama ya kabaza kuti akafikeko msanga mankhwala oteteza ku HIV akadagwira ntchito, pasanathe maola 72.

Ntchito yotereyi ilibe chithunzi chokoma, koma ndi imene imasintha zinthu. Kumbukirani za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu mu 2019, pomwe apolisi anagwirira ndi kuchitira nkhanza amayi ndi atsikana. Anali maloya a Women Lawyers Association amene ananyamula nkhani ija mpaka Khoti Lalikulu linagamula mu 2020 kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso. Kuno ku Blantyre kuli WOLREC, yothandiza amayi pa zamalamulo, ndi GENET, yomwe inalimbana kwambiri ndi maukwati a ana. YONECO ya ku Zomba ndiyo imayankha foni zaulere za 116 zothandiza ana. Sindikuti mutumize kwa amenewa mwachimbulimbuli. Afunseni mafunso omwe aja. Ndangowatchula kuti muone mtundu wa ntchito. Ndipo enanu amene mumati mukamva za omenyera ufulu wa amayi mumaganiza zopasula mabanja, dziwani kuti tsiku lomwe mchemwali wanu adzalandidwe nyumba yomwe munamanga ndi ma Rand anu, ndi anthu omwewa amene adzamuperekeze kukhoti.

Pa chifukwa chimenechi musathawe bungwe poona kuti gawo la ndalama likupita ku malipiro, mafuta ndi lendi. Mlangizi amadya, galimoto siyenda ndi madzi. Chofunika kuyang'ana ndi china: kodi ndalama zikuthera m'misonkhano ya kunyanja ndi maalawansi? Nanga m'bodi mwawo muli amayi angati, kapena ndi abambo okhaokha olankhulira amayi? Onaninso zomwe amaika pa Facebook. Bungwe loonetsa nkhope ndi dzina la mwana wogwiriridwa kuti anthu amve chisoni, lamugulitsa mwanayo, ndipo ine ndalama yanga silingaione.

Za katumizidwe n'zachidule. Gwiritsani ntchito njira zovomerezeka monga banki, Mukuru kapena WorldRemit kuti pakhale umboni. Amene mumakhoma msonkho ku UK, mukapereka kudzera ku bungwe lolembetsedwa komweko, monga CAMFED yomwe imalipirira atsikana sukulu kuno, ndondomeko ya boma la UK yotchedwa Gift Aid imawonjezera 25p pa paundi iliyonse popanda inu kutulutsa china. Kumbukiraninso kuti kwacha imagwa. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Lonjezani mu ndalama ya komwe muliko, kuti thandizo lisafote mitengo ikakwera. Ndipo pang'ono pa mwezi uliwonse n'pabwino kuposa chimtolo chobwera kamodzi pa Khirisimasi, chifukwa gulu limatha kulonjeza mtsikana kuti teremu yamawa yunifomu ndi mapadi zilipo.

Mlongo wanga uja ndinamuuza asankhe magulu awiri, ine ndikawaone. Ndinapita tsiku la Lachiwiri osawauziratu. Pena ndinapeza chitseko chokhoma ndi chikwangwani chachikulu. Penapo ndinapeza amayi anayi pabenchi, wina ali ndi mwana kumbuyo ndi kalata ya kupolisi m'manja, akudikira kuti alowe. Inunso muli ndi azakhali kapena mlamu kuno. Atumizireni ya minibasi apite akakuonereni.